Kalumo ka Mlendo

Mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Mwambiwu umamveka pabwalo mlandu ukakanika. Eni mudzi akhala akuzungulira pamodzimodzi kuyambira m'mawa, aliyense akubwereza zomwe ananena dzulo, kungokweza mawu. Ndiye munthu wapaulendo, amene anangokhala pansi kuti apumule, apempha kuti aponyepo liwu. Anena ziwiri zitatu, nkhani n'kumasuka. Sikuti mlendoyo amaposa eni mudzi nzeru. Iye sanakulire m'chizolowezi chawo, choncho amayang'ana pamene iwo anasiya kalekale kuyang'anapo. Ndipo chimene wanyamula n'chopepuka, chosagwetsa mtengo, chosaswa chikuni, chongodziwa polowera.

Mwambi umenewu umandibwerera ndikaganiza za nsalu ina imene ambirife tavalapo osafunsa kwawo. Tembenuzani bulauzi kapena diresi la pa kaunjika, lija lofewa, lozizirira pathupi, lokwinyika msanga, ndipo kansalu koyera ka m'mbali mudzakapeza katalembedwa kuti viscose kapena rayon. Nsalu imeneyo sinachokere ku thonje, sinachokerenso ku mafuta a pansi ngati poliyesitala. Inali mtengo. Mwina unali bulugamu wa ku KwaZulu-Natal, pakuti ku Umkomaas, kumwera kwa Durban, kuli fakitale ya Saiccor, yomwe inayamba ntchito mu 1955 ndipo ndi imodzi mwa zazikulu kwambiri padziko lapansi zophika mitengo kuti ikasanduke zovala. Mwina unali spruce wa kumpoto kwa Sweden, wophikidwa pa fakitale ya Domsjö ku Örnsköldsvik. Chaka ndi chaka, dziko limapota matani oposa 5 miliyoni a ulusi woterewu.

Pa magawo 100 a mtengo wouma, 40 kapena 45 ndi selulozi. Otsalawo ndi lignin, amene amamata ndi kulimbitsa, ndiponso hemiselulozi. Fakitale imaduladula mitengo tizibenthu, n'kuphika m'matanki akuluakulu pamodzi ndi mankhwala mpaka zinazo zitasungunuka, n'kutsuka, n'kuyeretsa. Chotsala ndicho a ntchitoyi amati pulp. Wopangira mapepala amakhala ndi zotsalira zambiri, ndipo palibe amadandaula. Wopangira zovala amafunika akhale selulozi kuposa magawo 90. Amamuumitsa pa makina otentha mpaka atuluke ali mapepala okhuthala, oyera mbee, olimba gwa, amamanga m'mabelo, n'kukweza sitima zapanyanja za ku China, India ndi Indonesia, kumene kuli mafakitale ambiri opota ulusi masiku ano.

Mlandu wovuta uja ndi uwu: selulozi ndi wamakani. Iye ndi unyolo wautali wa tizidutswa ta gulukosi, shuga yemwe ali m'magazi athu, zikwizikwi tolumikizana. Sitachi wa m'chimanga nayenso ndi gulukosi yemweyo, koma kalumikizidwe kake n'kosiyana pang'ono, ndipo kusiyana kwakung'ono kumeneko n'kumene kumachititsa kuti nsima igayike m'mimba mwa munthu pomwe utuchi sugayika. Maunyolo a selulozi ndi owongoka, motero amagona mophatikizana, kugwirana mbali ndi mbali, n'kupanga timitolo tothinana moti ngakhale madzi sapeza polowera. Malo ambiri m'timitolomo ndi osanjika bwino. Malo ena, apa ndi apo, ndi osokonekera pang'ono, ofowokerapo. Kuthinana kumeneku ndiko kumaimika mtengo zaka makumi pakati pa mphepo. Kuumitsa kuja kumangowonjezera makani: madzi akamachoka, timipata tomwe tinatseguka pophika timatsekeka, timitolo timamatirirana, ndipo ngakhale mutanyikanso m'madzi sititseguka monga poyamba. Georg Jayme, katswiri wa ku Germany, anafotokoza kuuma kosabwerera kumeneku mu 1944.

Kuti mupote ulusi, selulozi wotereyu ayenera kusungunuka. Njira yake inapezeka ku England. Mu 1892 Charles Cross, Edward Bevan ndi Clayton Beadle analembetsa umwini wa njirayo, ndipo mu 1905 kampani ya Courtaulds inayamba kupanga ulusi ku Coventry. Mpaka lero maziko ake sanasinthe. Pulp amanyikidwa mu kositiki soda wamphamvu, yemweyu wopangira sopo, kuti afufume. Amafinyidwa, amanyenyedwa, n'kusiyidwa kwa maola angapo kuti mpweya ufupikitseko maunyolo. Kenaka amathiridwa carbon disulfide, ndipo zinyenyeswa zoyera zija zimasanduka mtundu wa lalanje. Zikatero zimasungunuka mu soda wosukulutsa, n'kukhala madzi okhuthala, onanda. Madziwo amasefedwa, n'kukankhidwa kudzera m'kachipewa ka golide wosakaniza ndi platinamu, kokhala ndi timabowo zikwi zambiri, kabowo kalikonse kochepa kuposa tsitsi. Kachipewako kamakhala komira mu asidi wa mtundu wa m'batire ya galimoto, ndipo m'menemo selulozi amaumbikanso, tsopano ali ulusi wautali wonyezimira.

Ngati pulp wina sanamve mankhwala, amatsala timibulu tosasungunuka. Timatseka masefa, timatseka timabowo, ulusi umaduka, makina amaima. Kwa zaka zambirimbiri yankho la eni mudzi linali limodzi: thirani mankhwala okwanira kuti ngakhale malo ouma mutu agonje. N'chifukwa chake carbon disulfide wothiridwa amafika pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kulemera kwa selulozi yense, ndipo wina mwa iye safika n'komwe pa selulozi, amangowonongeka polimbana ndi soda.

Apa ndi pamene nkhaniyi imasiya kukhala ya makina n'kukhala ya anthu. Carbon disulfide ndi madzi osachedwa kusanduka nthunzi, owira pa madigiri 46 okha, oyaka ndi kamoto kakang'ono. Ulusi ukamaumbika mu asidi muja, iye amatulukanso ngati nthunzi, pamodzi ndi mpweya wina wonunkha mazira owola, ndipo wopota ulusi amaima pomwepo. Kuti ndi poizoni zinadziwika viscose asanabadwe. Mu 1856 dokotala wa ku Paris, Auguste Delpech, analemba za anthu ogwira ntchito ya mphira amene ankapuma nthunziyo: mutu wosatha, kusowa tulo, kupsa mtima popanda chifukwa, miyendo yofowoka, kutha mphamvu za m'banja, ena mpaka kuzungulira mutu. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930, Alice Hamilton, dokotala wa matenda a pantchito ku America, anapeza zomwezo m'mafakitale a rayon a ku Pennsylvania. Mu 1968 kafukufuku wa ku Britain anasonyeza kuti opota ulusi amenewa ankafa ndi matenda a mtima kuposa anzawo a ntchito zina. Ganizirani bambo wofatsa amene wayamba kukalipira ana ake madzulo aliwonse, mkazi wake n'kumadabwa kuti chamulowa n'chiyani, osadziwa kuti chamulowa n'chimene amapuma kuntchito. Mafakitale osamala lero amatsekera makina m'magalasi ndi kukoka nthunziyo kuti aigwiritsenso ntchito. Osasamala aliponso, ndipo midzi ya m'mbali mwake imadziwa fungo lake. Choncho funso loti pulp amamva mankhwala kapena ayi ndimaliwerenga ngati funso la mapapo ndi mitsempha ya anthu. Kilogalamu iliyonse ya poizoni imene sinathiridwe ndi kilogalamu imene palibe angaipume.

Mlendo wake anafika ngati mdani. Pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, asilikali a America a ku zilumba za Solomon, kunyanja ya Pacific, anaona matenti awo, zikwama ndi mayunifolomu a thonje zikuwola m'manja, kung'ambika zisanathe n'komwe. Chowononga chinali chuku chobiriwira. Anachitumiza kwawo, ndipo ku labotale ya asilikali ku Natick, m'chigawo cha Massachusetts, Elwyn Reese ndi Mary Mandels anatha zaka zambiri akuchifufuza. Ntchito yomwe anapatsidwa poyamba inali yoteteza nsalu. Koma poyang'anitsitsa mdaniyo anaona chodabwitsa: chimene fakitale imachita ndi soda, asidi ndi poizoni, kachuku aka kamachita m'chinyezi chabe, popanda moto, popanda phokoso. Thonje ndi selulozi pafupifupi lonse, ndipo chukucho chimatulutsa timadzi tomwe timadula maunyolo ake kuti chidye shuga. Mu 1977 chinapatsidwa dzina la Trichoderma reesei polemekeza Reese. M'timadzi timeneto muli maenzaimu.

Enzaimu si chinthu chachilendo kwa mayi aliyense amene anaphikapo thobwa. Phala la mgaiwa lapsa, lalimba moti mthiko ukuima wokha. Mayi salithira chimera nthawi yomweyo. Amaliphula, amadikira lizirale mpaka chala chipirire kulowamo, pamenepo n'kuwaza chimera cha mawere, n'kutakasa. Posakhalitsa phala lolimba lija lamasuka, likuyenda ngati madzi, layamba kutsekemera, chonsecho sanathiremo madzi kapena shuga. Mbewu yomera ija ili ndi maenzaimu odula maunyolo a sitachi, ndipo mayiyo amadziwa kuti phala lotentha kwambiri limapha chimera, lozizira kwambiri limachigonetsa. Zimandisangalatsa kuti sayansi inalowera pakhomo lomweli. Mu 1833 Anselme Payen ndi Jean-François Persoz, ku France, anapatula chinthu chogwira ntchitoyi kuchokera m'chimera cha balere, n'kuchitcha diastase, ndipo chimawerengedwa ngati enzaimu yoyamba kupatulidwa. Patapita zaka zisanu, mu 1838, Payen yemweyo ndi amene anapatula selulozi m'zomera. Kalumo ndi chodulidwa zinadutsa m'manja mwa munthu mmodzi, koma panapita zaka zoposa 150 kuti opanga zovala azikumanitse.

Chinachedwetsa n'chakuti chuku sichibwera ndi kalumo kamodzi. Chimabwera ndi gulu lonse, pakuti cholinga chake n'kudya mpaka kutha. Pali maenzaimu a endoglucanase, amene amadula unyolo pakati, pa malo osokonekera aja. Pali a cellobiohydrolase, amene amagwira kunsonga kwa unyolo n'kumabenthula gulukosi awiriawiri. Pali enanso omalizitsa, osandutsa zobenthukazo shuga weniweni. Wofuna kupanga mowa wa injini kuchokera ku mapesi amalifuna gulu lonselo. Wofuna nsalu akalilowetsa, pulp wake wamtengo wapatali amatha, n'kutsala madzi a shuga. M'zaka za m'ma 1990, ofufuza a bungwe la VTT ku Finland anapatula maenzaimu a Trichoderma reesei n'kumayesa imodziimodzi pa pulp wa zovala. Anapeza kuti odula pakati ndiwo amathandiza pulp kusungunuka mu soda, pamene obenthula kunsonga sasintha zambiri. Nthawi yomweyo makampani anali ataphunzira kuweta tizilombo totulutsa enzaimu imodzi yokha, yosasakaniza. Ya kampani ya Novozymes ya ku Denmark inachokera ku Humicola insolens, chuku chokonda kutentha, chopezeka m'milu ya manyowa. Mtundu womwewo uli m'masopo ena a ufa, momwe ntchito yake n'kumeta timaubweya tomera pa zovala za thonje zikamakalamba.

Kuyesa ngati pulp akumva mankhwala kuli ndi njira yake, yotchedwa ndi dzina la Fock, amene anaifalitsa mu 1959. Ndi fakitale ya viscose yochepetsedwa kulowa m'kabotolo kagalasi. Woyesa amapima theka la galamu ya pulp, kaubweya koyera kokwana pachikhatho, n'kukaponya m'kabotolo. Amathira soda, amathira carbon disulfide ali pansi pa kabati yokoka mpweya, amatseka, n'kusiya kamaginito kakutakasa kwa maola atatu. Madzi aja amasanduka achikasu. Amawazungulitsa pa makina aliwiro kuti zosasungunuka zikhale pansi, amatunga a pamwamba, amathira asidi kuti selulozi abwerere, n'kuwerengera kuti mwa amene anathiridwa, wasungunuka wochuluka bwanji.

Mu 2005 Gunnar Henriksson ndi Maria Christiernin a ku sukulu ya KTH ku Stockholm, pamodzi ndi Roland Agnemo wa ku Domsjö, anafalitsa zomwe anapeza atathira endoglucanase imodzi yokha pa pulp wa mitengo ya kumpoto. Enzaimu yochepa chabe inakweza kwambiri kuchuluka kwa selulozi wosungunuka, pomwe pulp wotayika anali wochepa ndipo maunyolo sanafupike mopitirira. Izi zinachitika m'madzi ofunda, opanda asidi, opanda soda.

Wokayika akanati: nanga chachilendo n'chiyani? Unyolo waufupi umasungunuka msanga kuposa wautali, zimenezo zinadziwika kale, ndipo asidi wotchipa amadulanso. Funso limeneli ndi lolungama, ndipo chaka chotsatira Ann-Charlott Engström, Monica Ek ndi Henriksson analiyankha ndi kuyesa komwe ndimakuona kuti ndiko mtima wa nkhani yonseyi. Anatenga pulp mmodzi, wina n'kumudula ndi enzaimu, wina ndi asidi, mpaka maunyolo a onse awiri atafupika mofanana. Wodulidwa ndi enzaimu anamva mankhwala kuposa mnzakeyo. Kuti wa asidi afike posungunuka yense, anayenera kuduliratu maunyolo ake mopitirira. Ndiye kuti chachikulu sichinali kuchuluka kwa mabala, koma pamene balalo lagwera.

Malongosoledwe ake amadalira kukula kwa odulawo. Asidi ndi kanthu kakang'ono zedi, kamalowa paliponse pamene madzi alowa, ndipo kamadula chilichonse chofowoka chomwe kakumana nacho, chofunika kudula ndi chosafunika chomwe. Enzaimu ndi puloteni, chimphona poyerekeza ndi asidi. Singalowe mkati mwa timitolo tosanjika. Imangofika pamwamba pa ulusi ndi m'timipata tokulirapo, ndipo ili ndi kamng'alu kamene unyolo wa selulozi uyenera kugonamo bwino usanadulidwe. Choncho imadula pochepa, pa maunyolo omasuka amene amamangirira timitolo kwa tinzake. Amenewo akaduka, khoma la ulusi limamasuka, limafufuma, ndipo soda ndi carbon disulfide zimafika kumene kale sizinkafika, pomwe maunyolo a mkati, amene adzapatse nsalu mphamvu, atsala amphumphu. Kulephera kwake kulowa paliponse ndiko kumaipatsa luso.

Komabe kalumo kakuthwa sikasiyidwa m'manja mwa mlendo usiku wonse. Enzaimu sidziwa kuti fakitale ikufuna diresi. Imadziwa kudula basi, ndipo ikachuluka kapena ikakhalitsa, maunyolo amafupika mpaka ulusi wopotedwa kukhala wosalimba. Viscose ndi wofowoka kale akanyowa, monga akudziwira aliyense amene anang'ambapo bulauzi poifinya. Ulusi wa rayon wolimbitsira matayala a galimoto ndiye umafuna maunyolo aatali ndithu. Ndiye luso la mwini fakitale lili pa kudziwa poimitsira. Monga mayi uja amabwezera thobwa pamoto likatsekemera mokwanira, nawonso amatenthetsa pulp kapena kumuponya mu soda wamphamvu, enzaimu n'kufera pomwepo. Palinso chenjezo lina. M'kabotolo ka Fock mumathiridwa carbon disulfide wochuluka kuposa wa m'fakitale, choncho nambala yabwino ya m'menemo siyokwanira. Woweruza weniweni ndi sefa: kodi madzi a viscose akudutsa osatseka? Ku yunivesite ya Karlstad, ku Sweden komweko, Niklas Kvarnlöf anapanga viscose weniweni ndi pulp wothiridwa enzaimu, ndipo mu 2007 anasonyeza kuti n'zotheka kuchepetsa carbon disulfide madziwo n'kukhalabe abwino.

Pa mwambi wathu pali mbali imene siitchulidwa kawirikawiri. Mlendo akamasula nkhani amanyamuka, ndipo chochita ndi nzeru yakeyo chimatsala ndi eni mudzi. Pulp womva mankhwala atha kugwiritsidwa ntchito kuti poizoni achepe m'chipinda chopotera ulusi. Athanso kugwiritsidwa ntchito kuti makina athamange kwambiri, poizoni ali yemweyo. Enzaimu ina, xylanase, imene Liisa Viikari ndi anzake a ku VTT anasonyeza mu 1986 kuti imathandiza kuyeretsa pulp ndi mankhwala ochepa a chlorine, imadula hemiselulozi. Ku KTH, Viviana Köpcke, David Ibarra ndi Monica Ek anaiphatikiza ndi soda ndi endoglucanase, n'kusandutsa pulp wamba wa mapepala, wa bulugamu ndi wa birch, kukhala woyandikira wa zovala. Ndi ntchito yokongola, ndipo ingatsitse mtengo wa pulp. Koma walira mvula walira matope: pulp wotchipa atha kubala mafakitale ambiri, minda yambiri ya bulugamu yomwa madzi a m'mitsinje, ndi zovala zambiri zovalidwa kawiri n'kutayidwa, zomwe pamapeto pake zimatipeza m'mabelo. Ngati fakitale iliyonse yachepetsako poizoni pang'ono koma mafakitale achuluka, mpweya wa m'midzi yoyandikana nawo sunapindule kanthu. Ine ndingakhulupirire kuti enzaimu yathandiza ndikaona nambala za nthunzi yopimidwa pamphuno pa wopota ulusi zikutsika, ndipo nambala zimenezo boma ndi mabungwe a antchito ali ndi ufulu wozifunsa.

N'chifukwa chake chidwi changa chachikulu chili pa amene sanakhutire ndi kuchepetsa. Njira ya lyocell, imene Courtaulds inayamba kupangira ulusi wa Tencel ku Mobile, Alabama, mu 1992, imasungunula selulozi m'mankhwala ena osafuna carbon disulfide, omwe amabwezeredwa pafupifupi onse kuti agwirenso ntchito. Koma imafuna fakitale yatsopano, yodula kumanga. Ku Finland, ofufuza a ku Tampere ndi a VTT anayesa kufunsa enzaimu kuti ichite zambiri. M'njira yawo, yotchedwa Biocelsol, pulp amayamba wakandidwa ndi makina kuti timipata titseguke, enzaimu ilowe mozama. Akatero amamusakaniza ndi soda wothira zinc oxide pang'ono, amamuziziritsa mpaka aundane, ndipo akamasungunuka selulozi amakhala atalowa m'madzi. Madziwo amapotedwa mu asidi pa makina a mtundu womwewo wa viscose, choncho fakitale yakale ingathe kusinthidwa m'malo mogwetsedwa. Ulusi wake wapotedwa kale pa makina oyesera, nsalu zalukidwa, ndipo umamwa madzi ndi kugwira utoto bwino. Chotsala n'chakuti soda ndi zinc zizibwezeredwa motchipa, ndiponso kuti papezeke fakitale yolimba mtima kupota matani zikwi m'chipinda momwe carbon disulfide salowamo.